Kampando ka Che Sufiyan

Ine ndine Mphepo, telala wa pa Msekese. Makina anga akhala pakhonde la golosale imodzi zaka zoposa makumi awiri, ndipo pakhonde pamenepo ndimaona siteji yonse: okwera, otsika, ndi ena ongodikira chifukwa kunyumba kulibe chochita. Msekese ndi kamsika ka pa msewu wafumbi wochokera ku Simlemba kukagwera pa tala ku Nkhamenya. Uku fodya, uko fodya, ife pakati. Ndikufuna ndifotokoze za Che Sufiyan, mwini golosaleyo, chifukwa anthu a kuno anena zambiri za munthu ameneyu ndipo zambirizo ndi mabodza. Ena mwa mabodzawo ndinaseka nawo ine ndemwe, choncho musandiyese woyera mtima.

Bambo awo anachokera ku Mangochi ndi dengu la usipa, n'kukhazikika kuno akugulitsa mchere, palafini ndi singano kwa matenanti a m'maesiteti. Che Sufiyan anakulira kuseri kwa kauntala. Sukulu anasiyira sitandade seveni, osati chifukwa cha mutu wouma, koma madalawo maso anayamba kuwavuta ndipo panafunika wina woyeza shuga. Anakwatira Fadila wa ku Nkhotakota, mayi wolimbikira ntchito koma woopa kwambiri pakamwa pa anthu. Itafika njala ya 2002, m'mashelefu munangotsala machesi ndi fumbi. Che Sufiyan anakwera basi ya ku Joni, kusiya mkazi ndi khanda la miyezi inayi, dzina lake Amna.

Ku Durban anapeza ntchito yoyendetsa galimoto ya banja lina la sitolo, kuperekeza ana kusukulu ndi dona kumsika. Anakhalako zaka zisanu. Tsiku lomwe anabwera tonse tinasiya ntchito kukazungulira pikapu yoyera imene anafika nayo. Kumbuyo kunali matiresi, mabulangete, wailesi, ndipo pamwamba pa zonsezo panamangidwa kampando kapulasitiki kotuwa, kokumbika ngati lichero lakuya, kokhala ndi timalamba take. Dona uja anafuna kukataya ana ake atakula, iwo n'kukapempha. Anakanyamulira Amna. Munthu ukakhala kutali mwana sakula m'mutu mwako, ndiye zaka zisanu zonsezo ankaganizabe za khanda lija. Amna amene anawalandira anali kale ndi kandowa kake kotungira madzi. Anamukhazikapobe, miyendo ili lendelende kunja, ndipo tinaseka mpaka misozi. Nawonso anaseka.

Zinali zaka za makuponi. Amene sanaone sangamvetse mmene tinkayendera masiku amenewo. Kukangomveka kuti feteleza wotsika mtengo wafika kudepoti, midzi yonse inkakhamukira pamsewu, ndipo kawirikawiri tinkabwerako chimanjamanja n'kudzapitanso mkucha. Chilichonse chokhala ndi matayala anayi chinasanduka matola. Che Sufiyan anasiyira Fadila golosale, iwo n'kuyamba kunyamula anthu pakati pa Msekese ndi Nkhamenya, kawiri kapena katatu patsiku.

Tsono kuno tili ndi ulemu wathu wa pa matola. Kumbuyo kwa pikapu kuli fumbi, dzuwa, mvula ndi matumba okuponda zala. Kutsogolo, pambali pa dalaivala, ndiye malo abwino. Mayi wa khanda akafika pasiteji, mwamuna aliyense woleredwa bwino amene wakhala kutsogolo amatsika, kaya ndi mphunzitsi kaya ndi kapitawo wa kuesiteti, n'kumusiyira malo. Mayiyo amamasula chitenje, kutembenuzira mwana kumimba n'kumupakata. Mwana akalira bere lili pomwepo. Mwamuna amene satsika timamunena mwezi wathunthu. Ine ndinaphunzitsidwa choncho, ndipo ana anga ndinawaphunzitsanso choncho.

Che Sufiyan anasokoneza zimenezi. Anamangirira kampando kaja kutsogolo ndi lamba wa galimoto, kolimba moti ukakagwedeza galimoto yonse inkagwedezeka. Anakatembenuza kuti mwana aziyang'ana kumbuyo, ati khosi la khanda limatetezeka choncho. Mayi wa mwana akabwera ankamuuza mofatsa kuti, "Mayi, mwana akhale apa, inu mukhale pambali pake." Kampandoko kankadya malo a munthu wamkulu wolipira, koma iwo sankalipiritsa mwana.

Amayi ankakana. Wina anati mwana wake si mbuzi yoti n'kumangidwa. Wina anafunsa kuti nanga akalira achite bwanji, atalikitse bere? Ambiri ankangotsika n'kudikira galimoto ina.

Tsiku lina atatopa ndi kukanidwa, Che Sufiyan anagula dzungu lalikulu kwa mayi wina pasiteji n'kundiitana. "A Mphepo, inu muli ndi manja amphamvu. Khalani apa, ligwireni ngati mwana wanu woyamba. Musalitaye." Ndinakhala, ndinalikumbatira ndi manja onse awiri, uku ndikutsinzinira anthu diso. Anayendetsa kuchokera pachigayo kubwera kusiteji, liwiro lake loti wanjinga wamphamvu akanatipitirira, kenako anaponda buleki. Sindinadziwe n'komwe nthawi imene dzungulo linachoka m'manja mwanga. Ndinangomva phwaa, nthanga zili mbwee pagalasi.

"Mwaona," anatero kwa anthu amene anaunjikana. "Si kuti a Mphepo ndi ofooka. Galimoto ikaima mwadzidzidzi, chilichonse chosamangidwa chimapitiriza ulendo. Dzungu, thumba, mwana. Ku Durban ndinaona galimoto itagubuduzika katatu, makolo atathyoka, mwana wa pakampando ngati aka akungoyamwa chala."

Mayi wogulitsa maungu uja ndiye anayankhira onse. "Dzungu lilibe mayi wake, adada. Ine mwana wanga sindingamutaye."

Anthu anaombera m'manja. Kuyambira tsiku limenelo ankanditcha bambo ake dzungu, ndipo nkhani yonse inathera pa nthabwala. Ine amene ndinamva m'manja mwangamu mmene dzungulo linatsomphokera ndikanatha kunenapo mawu, ndipo mwina ena akanamva chifukwa ndine wamkulu. Ndinasankha kuseka nawo. Chimene ndinachita n'kusokera kampandoko chivundikiro cha chitenje cha maluwa, poganiza kuti kakavala zathu anthu asiya kukaopa.

Munthu mmodzi yekha amene anakalandira anali Feliya. Anali mtsikana wa ku Phalombe, mkazi wa tenanti wotchedwa Grey, ndipo ankakhala m'kanyumba ka udzu pafupi ndi zigafa za fodya pa esiteti ina, mtunda wa ola lathunthu kuchokera pasiteji. Mwezi uliwonse ankapita ndi mwana wake Anesi kusikelo ku Nkhamenya. Ankafika pa Msekese atatopa kale, manja ali bii ndi phula la fodya. Tsiku loyamba anangomasula chitenje n'kupereka mwana osafunsa kanthu. Che Sufiyan anamanga timalamba tija, kuyesa ndi chala ngati tathina bwino. Asanafike pamlatho, mwana anali atagona, mayi wakenso atagona.

Ndinamufunsa tsiku lina, "Amake Anesi, inu nokha ndi amene mwamvetsa za ngozizi?"

"Ine za ngozi sindizidziwa, bambo," anayankha. "Koma msana wanga umapuma. Kuchokera pano mpaka ku Nkhamenya ndi pokhapo pamene palibe chimene ndasenza."

Che Sufiyan ankamukonda mwana ameneyo. Ankamusungira bisiketi ngakhale asanamere mano. Tsiku la sikelo ankadikira ndithu ngakhale galimoto itadzaza, anthu akung'ung'udza kumbuyo. Ankandiuza kuti mayi mmodzi akayamba ena atsatira, ndi nkhani ya kupirira basi. Ndinkawagwedezera mutu uku ndikupalasa makina.

Chimene chinaononga zonse chinali chifundo chawo chomwe. Elube, mayi wa m'mudzi wa kuseri kwa chigayo, anathamangira pasiteji m'mawa wina mwana wake atakomoka ndi malungo. Analibe ya ulendo. Che Sufiyan anatsitsa anthu awiri, kuika mwanayo pakampando n'kunyamuka nthawi yomweyo. Mwanayo anali atadwala masiku anayi kunyumba asanapite naye kulikonse, ndipo anamwalira kuchipatala patatha masiku awiri. Malungo amapha ana kuno chaka ndi chaka ndipo palibe amene amadabwa. Koma uyu anali atakhala pakampando.

Pamaliro pomwepo anthu anayamba kuphatikiza. Anzathu angati apita ku Joni n'kubwerako ndi jekete yokha, nanga uyu galimoto waitenga kuti? Wamalonda wanji amene amataya malo a munthu wolipira kuti anyamule mwana wa eni ulere? Ndipo chachikulu, n'chifukwa chiyani mwanayo amamuyendetsa chafutambuyo? Kuno aliyense amadziwa amene amayenda chafutambuyo. Pomwe anthu ankabwerera kumanda nkhani inali itapsa kale: Che Sufiyan ndi wokhwima, kampandoko ndi chizimba cha bizinesi, mwana akakhalapo kamamuyamwa moyo pang'onopang'ono.

Ndakhala pakati pa anthu awa moyo wanga wonse ndipo ndimawakonda, koma pa nkhani iyi amandinyansa. Munthu akabedwa fodya wake pa sikelo ya vendala amangoti ndi mmene dziko lilili. Wina akamuchitira chabwino osapempha kanthu, ndiye amayamba kufufuza. Golosale inayamba kuzizira. Amayi ankadutsa n'kukagula mchere kutsidya kwa msewu, ena ankakoka ana awo akayandikira khonde. Makasitomala anga ena anabwera kudzatenga nsalu zawo zisanasokedwe, poti ndine amene ndinaveka chizimbacho chitenje. Amna anabwera kuchokera kusukulu akulira kuti anzake akukana kudya naye. Fadila anaonda m'masabata atatu.

Shehe wa pamzikiti wa kuno, munthu wofatsa amene sankakhulupirira zamkutuzo, anabwera madzulo ena n'kukhala pabenchi yanga. "Che Sufiyan, ine ndikudziwa kuti mtima wanu ndi woyera," anatero. "Koma mutu umodzi susenza denga. Ife kuno ndife ochepa, ndipo mawa sadzanena kuti Sufiyan, adzanena kuti Asilamu. Kachotseni kaye mphepo idutse."

Grey nayenso anamuletsa Feliya. Tenanti ndi mlendo, sangalimbane ndi zimene eni dziko agwirizana. Mwezi wotsatira Feliya anafika pasiteji, kupereka moni maso ali pansi, n'kukwera galimoto ina. Tsiku limenelo Che Sufiyan anamasula kampando n'kukaika m'chipinda chosungira katundu, kuseri kwa matumba a mchere. Anthu anabwereranso m'galimoto yawo, m'golosale munayambanso kumveka phokoso. Amayi a makanda ankakhala kutsogolo atapakata ana awo, iwo n'kumayendetsa ngati anyamula mazira, osalankhula ndi munthu njira yonse.

Linali Lachiwiri la mu Disembala 2008. Mvula inali itagwa kale, chimanga chikufuna feteleza, ndipo kunamveka kuti kudepoti kwafika lole imodzi yokha. Dzuwa lisanakwere pikapu inali itadzaza. Ine ndinali ndi kuponi yanga m'thumba la malaya, ndipo monga mnzawo wa dalaivala ndinakhala kutsogolo, cha kuchitseko. Tikuti tinyamuke, anatulukira Grey pa njinga atanyamula Feliya ndi Anesi. Iwo za makuponi sizinkawakhudza, matenanti sankalembedwa m'kaundula wa mudzi. Mwana anali ndi chifuwa, ankatsokomola usiku wonse, ndipo galimoto ina panalibe.

Palibe amene anandiuza. Ndinatsegula chitseko ndekha, ndinatsika, n'kunena mawu amene ndanena kambirimbiri pa moyo wanga. "Amake mwana, kwerani kutsogolo kuno. Ine ndikwera kumbuyo." Ndinamva bwino mumtima ponena mawu amenewo, ndipo ena kumbuyo anandiyamikira.

Che Sufiyan anazimitsa injini. "Dikirani pang'ono," anatero. "Ndikatenge kampando."

Kumbuyo kunabuka phokoso. Wina anati chinthu chimenecho chikalowa iye atsika. Wina anati nthawi yatha, anthu a ku Nkhamenya akhala kale pamzere. Grey anatsamiritsa njinga pamtengo n'kubwera pawindo. Sanakalipe, analankhula ngati munthu wopempha.

"Adalaivala, chonde. Ine ndilibe nanu chifukwa. Koma mwana wanga akakhala pamenepo, kuesiteti sitigonako. Mayi wake amugwira."

"Amake Anesi, inu mukuti bwanji?" anafunsa Che Sufiyan.

Feliya anayang'ana mwamuna wake, anayang'ana anthu onse aja, n'kunena chapansipansi kuti, "Ndimugwira, bambo."

Che Sufiyan anaima pakati pa galimoto ndi chitseko cha golosale, makiyi ali m'manja. Fadila anali pakhomo atagwira tsache, osasesa. Sindikudziwa kuti Che Sufiyan anaima nthawi yaitali bwanji, mwina sinali yaitali n'komwe. Analowa m'galimoto n'kuliza injini.

Anayenda pang'onopang'ono monga mwa masiku onse, mpaka anthu kumbuyo anayamba kumenya denga ndi zikhatho kuti feteleza atha. Sindinamenye nawo, koma sindinaletse munthu, chifukwa nanenso ndinkaganiza za matumba anga awiri. Anawonjezera liwiro pang'ono. Titafika pa mabulugamu a esiteti ina, pomwe kanjira kamatulukira mumsewu mobisika, ngolo ya ng'ombe inalowa kutsogolo kwathu. Che Sufiyan anaponda buleki. Sitinagunde ngolo, ngakhale mchira wa ng'ombe sitinaukhudze. Kumbuyo tinagwerana, wina anatukwana mwini ngolo, wina anaseka chifukwa chipewa chake chinagwera m'matope. Palibe amene anakalika. Galasi silinasweke, galimoto sinaphwanyike paliponse.

Kenako ndinaona kuti injini yazima ndipo kutsogolo kuli zii. Ndinatsika n'kusuzumira pawindo. Feliya anali akutola mwana pansi, pamapazi ake. Anesi anali akuyamwa pamene buleki inagwira, ndipo mutu wake unamenya chogwirira chachitsulo cha patsogolo pa mpando. Magazi panalibe, kachotupa chabe pamwamba pa khutu. Feliya ankangobwereza mawu amodzi, "Ndinamugwira, ndinamugwira," uku akuyesa kumubwezera bere m'kamwa.

Ulendo wotsalawo Che Sufiyan anathamanga mmene sindinawaonerepo, ndipo palibe amene anamenya denga. Anamwino anamulandira mwana msanga, koma anali atapita kale.

Ndinene chimene chinachitika pambuyo pake, poti ndinalonjeza kusabisa. Tinaima panja pa chipatala, amuna titavula zipewa. Patapita kanthawi mmodzi anati akukakodza, wina anati akukadziwitsa abale. Mmodzimmodzi tinazembera kudepoti. Nanenso ndinapita. Ndinagula matumba anga awiri tsiku lomwelo, ndipo chimanga cha chaka chimenecho chinabereka bwino. Ndinachidya, koma zimandiwawa mpaka lero.

Mwana wa tenanti sapita kwawo, Phalombe ndi kutali. Anesi anaikidwa m'mphepete mwa manda a mudzi wina woyandikana ndi esiteti. Che Sufiyan anatumiza nsalu yoyera ndi thumba la ufa, ndipo Grey analandira. Apolisi anafunsa mafunso awo n'kupeza kuti palibe mlandu. Ine m'kupusa kwanga ndinaganiza kuti tsopano anthu aona. Panali mboni zoposa makumi awiri zimene zinamva munthu akupempha kukatenga kampando n'kukanizidwa.

Sabata isanathe nkhani inali itatembenuka. Ankati kampando kanazolowera mwana uja, ndiye atakamana mwanayo kanakwiya n'kumutenga mokakamiza. Mwana wa Elube anafa chifukwa anakhalapo, Anesi anafa chifukwa sanakhalepo, ndipo anthu omwewo ankanena ziwiri zonsezi ndi pakamwa pamodzi osachita manyazi. Lachisanu masana, Che Sufiyan ali kumzikiti, amuna angapo anabwera kugolosale. Sanafunike kuthyola chitseko. Fadila analowa yekha m'chipinda cha katundu, anakakoka kampandoko n'kukaponya pabwalo. Anakathira palafini wogula m'golosale momwemo n'kukayatsa pakati pa siteji. Utsi wake unali wakuda, wonunkha, ndipo unalowa m'nsalu zanga zonse. Che Sufiyan pobwera anapeza chibuma cha pulasitiki yosungunuka ndi tizitsulo tiwiri ta malamba. Anayang'ana, n'kulowa m'nyumba.

Anayesa kufuna kampando kena. Anafunsa ogulitsa kaunjika ku Kasungu ndi ku Mzuzu, onse sankadziwa n'komwe chimene akunena. Ku Lilongwe anakapeza m'sitolo ina ya anthu olemera, mtengo wake wa ng'ombe. Akanalimba mtima n'kugula, koma Fadila anawauza poyera kuti kena kakalowa pakhomo pano iye atenga Amna n'kubwerera ku Nkhotakota. Sindimunena mayi ameneyu. Iye ndi amene ankapita kumjigo tsiku lililonse n'kumamva zimene ankanena.

Ndiye Che Sufiyan anaika lamulo lawo. M'galimoto yawo simukweranso mayi wa khanda, kutsogolo kaya kumbuyo. Mayi akaimika panjira mwana ali kumsana, ankadutsa maso ali pamsewu. Amayi ankawatukwana, ena kuwaponyera fumbi, ndipo munthu amene kale ankatchedwa mfiti chifukwa chonyamula ana ulere anayamba kutchedwa wankhanza chifukwa chowasiya padzuwa. Ananenepa, anasiya nthabwala, anayamba kudwala mutu. Ndinakangana nawo kangapo.

"Lamulo lanuli silipulumutsa mwana aliyense," ndinawauza. "Amene mwamusiyayo akwera galimoto ina, ya dalaivala woledzera."

"Ndikudziwa, a Mphepo."

"Ndiye mukutetezapo ndani?"

"Ndekha," anayankha. "Sindingathenso kumva phokoso lija."

Grey ndi Feliya anasamukira ku esiteti ina cha ku Kaomba nyengo ya fodya itatha, monga amachitira matenanti, ndipo ndinaganiza kuti sindidzawaonanso. Koma mu 2011, chaka chimene mafuta a galimoto anasowa m'dziko muno, anabwereranso ku esiteti yawo yakale. Chaka chimenecho matola ankadutsa kamodzi patsiku, nthawi zina osadutsa n'komwe. Che Sufiyan ankayenda masiku awiri okha pa sabata, akapeza mafuta a m'zigubu.

M'mawa wina wa mu Febuluwale, kukuwaza mvula, ndinaona mayi akubwera atafunda pepala la pulasitiki la pa nazale ya fodya. Atafika pakhonde n'kulichotsa, ndinamuzindikira. Anali atakalamba kuposa zaka zake. Kumsana kunali khanda la miyezi ngati itatu, likupuma mofulumira. Che Sufiyan anali akuthira mafuta m'pikapu, ndipo atamuona anaika chigubu pansi.

"Mwadzuka bwanji, bambo?" anatero Feliya.

"Ndadzuka, kaya inu amake..." Anaima pomwepo. Sanadziwe dzina loti amalizire.

"Uyu ndi Benjamin. Thupi latentha kuyambira dzulo." Anakonza chitenje paphewa. "Bambo ake sindinawauze kuti ndibwera kwa inu, ndipo akamva anene zimene anene. Kampando kaja kalipo?"

Palibe amene anali atamuuza. Che Sufiyan anayang'ana pakati pa siteji, pamene panali matope basi.

"Anakaotcha, mayi."

Feliya anatembenukira kwa ine. "A Mphepo, si inu munakasokera chitenje? Simungasoke kena? Ngakhale kosaoneka bwino."

Ndasoka madiresi a ukwati, mayunifolomu, matumba a fodya ndi nsalu za maliro. Sindinachitepo manyazi ndi ntchito yanga ngati tsiku limenelo. Ndinamuuza kuti ine ndimasoka nsalu chabe, chimene chimagwira mwana ndi pulasitiki yolimba ija ndi zitsulo zake, ndipo zimenezo kuno kulibe amene angapange.

"Ndiye ndinyamuleni choncho, bambo," anatero kwa Che Sufiyan. "Inu mumayendetsa bwino."

"Tsiku lija ndinayendetsanso bwino."

"Nanga ndikhale pati? Kumbuyo mvula imunyowetsa. Kutsogolo ndikudziwako. Ndiuzeni poti ndikhale, ndikhala pomwepo."

Che Sufiyan ndinawayang'ana mwaukali, ndinawatchula dzina kawiri. Anapukusa mutu, n'kukakhala pabenchi yanga chogwira nkhope.

Tili choncho inatulukira pikapu ina yochokera ku Simlemba, yodzaza mpaka anthu ena atalendewera m'mbali. Feliya anaiyang'ana, anayang'ananso Che Sufiyan, n'kukweza dzanja. Inaima. Anyamata awiri amene anali kutsogolo ataona khanda anatsika okha osauzidwa, mmodzi n'kumugwirira chitseko. Feliya anamasula chitenje, anatembenuzira Benjamin kumimba, anamukulunga ndi manja onse awiri mpaka mwanayo analira chifukwa chofinyidwa, n'kukwera.

Che Sufiyan anadzuka n'kuthamangira pawindo la dalaivala, mvula ikuwagwera m'mutu. Ndinamva akupempha kuti ayende pang'onopang'ono, makamaka pa mabulugamu paja. Dalaivalayo anavomera ndi mutu uku akulowetsa giya. Ananyamuka mothamanga, matope akuthovukira pakhonde langa, chifukwa kunali kutamveka kuti ku Nkhamenya kwafika mafuta ndipo mzere unali utayamba kale.